Nambala ya Galimoto Yoyera

Jekete yakuda inali itangopita kwa amalume a ku Chipinge pamene Zivanai anaika foni pamwendo pa mlongo wake.

"Taonani, Sisi. Kungoona kokha."

"Pano ayi," anatero Sekesai, maso ali pamphasa.

Pamphasapo panali zonse zimene bambo awo, VaGwatidzo, anasiya padziko: malaya, mathalauzi otuwa m'maondo, Baibulo lopanda chikuto, ndi ovolosi ya kufakitale ya mapepala imene inatsekedwa kalekale. Tete Ennety, mlongo wa malemuwo, ndiwo ankagawa. Ankanyamula chovala, kuchiwaza madzi a m'kambale, n'kutchula dzina la mwini wake watsopano. Wotchulidwayo ankaomba m'manja n'kulandira. Ovolosi ija inatchulidwa kawiri isanapeze woifuna.

Maliro anali ataikidwa dzulo lake. Mtembo unagona kumochale milungu iwiri ndi masiku kudikira Sekesai, amene khoti la ku Leeds linakana kumumasula mpaka atamaliza kupereka umboni pa mlandu wa anthu osawadziwa n'komwe. Imeneyo ndiyo inali ntchito yake ku Mangalande: kutenga makanema a makamera a m'misewu ndi m'masitolo, kuwayeretsa, kuwayeza, kenako kuimirira pamaso pa woweruza n'kulumbira kuti ichi chikuoneka, ichi sichikuoneka. Ku Mutare anachokako ali mtsikana. Anabwerako ndi imvi, ndipo chitenje chobwereka chinkangomumasuka m'chiuno ngati nachonso chikumukana.

Tete ananyamula chipewa chofiirira, chophwanyika mbali imodzi. Aliyense ankadziwa kuti ndi chimene anavala m'mawa umene galimoto inawagunda n'kuthawa.

"Chimenecho chisiyeni, Tete."

Anali amayi a Sekesai, ndipo aka kanali koyamba kuti alankhule tsikulo. Anatambasula dzanja, kulandira chipewacho, n'kuchiika pamiyendo pawo.

Anthu atayamba kumwazikana, Zivanai anamukokera mlongo wake kuseri kwa nyumba, pampopi umene unaiwala kale ntchito yake.

"Amai anati za milandu zidikire mpaka Baba atagona," anatero. "Agona. Zovala zagawidwa. Tsopano onani."

Kanemayo anali wa pagolosale ya Mai Dhliwayo, kumsewu waukulu. Zivanai anachita kujambula ndi foni zimene zinkaoneka pagalasi la kusitoloko. Dzanja lake linkanjenjemera, ndipo pagalasipo pankaonekanso babu la kudenga ndi mthunzi wa mutu wake womwe. Mkati mwa chifunga chimenecho munali msewu. Munthu wachipewa analowa chakumanzere, anaima, anabwerera m'mbuyo pang'ono, dzanja likukwera. Kenako chinthu choyera chinadutsa, ndipo munthu uja sanaonekenso ataima.

Sekesai anali ataonapo imfa zambiri pagalasi. Apa ndi pamene anazindikira kuti zonsezo zinali za abambo a eni.

"Tsopano onani ichi," anatero Zivanai, akuseretsa chala.

Chinali chithunzi cha kumbuyo kwa galimoto yoyera, nambala yake yowala ngati yopentedwa dzulo.

"Wachitenga kuti chimenechi?"

"Muli pulogalamu mufonimu, imayeretsa. Zimene inu mumakwerera ndege, ife timachita ndi chala chimodzi, Chihera."

Anamutchula dzina la akazi a mtundu wawo, lija amuna amalitchula akafuna kunena kuti mkazi ndi wamakani. Sekesai sanaseke.

"Nambalayi ndi ya ndani?"

Zivanai analoza ndi mlomo kuzipinda za lendi, kumapeto kwa mpanda. Pakhomo pake panakhala mkazi, mwana kumsana, akukwecha miphika ya pamaliro.

"Ya Pardon. Zilembo ndi zake, manambala awiri omaliza ndi ake. Ndipo sabata yomweyo anakangana ndi Baba atawapondera ndiwo zawo ndi matayala. Dera lonse lino la Dangamvura linamva."

Pardon ankanyamula anthu pa kagalimoto koyera, monga amachitira anyamata onse amene mafakitale anatsekedwa iwo asanakule. Anali m'chitokosi chiyambire tsiku limene Zivanai anapita ndi chithunzicho kupolisi. Mkazi wakeyo, Mai Tino, ndiye anaphikira olira maliro onse, osayang'ana munthu kumaso.

"Lolemba akupempha belo," Zivanai anapitiriza. "Wozenga mlandu akuti chithunzi cha pafoni pachokha woweruza sachilandira, pakufunika katswiri asaine. Ine ndinamuuza kuti bwana, musavutike, katswiri tili naye m'nyumba. Wa ku Mangalande."

"Unaiyendetsa kangati, Ziva?"

"Chiyani?"

"Pulogalamuyo. Unaiyendetsa kangati isanakupatse nambala imeneyi?"

Zivanai anayang'ana pampopi. "Mpaka itatuluka bwino."

Sekesai anapuma mozama. "Kanema weniweni ali kuti? Osati uyu wojambula pagalasi. Wa m'bokosi la kamera."

"Ali komweko kwa Mai Dhliwayo, sitinakhudze. Munanena nokha pafoni kuti tisachite kalikonse musanafike."

Iye ankanena za maliro. Za kamera panalibe anamuuza. Anakunga chitenje n'kuuyamba wa kugolosale, pang'ono kuyenda, pang'ono kuthamanga.

Msewu umene ankadzera popita kusukulu unali utasanduka maenje olumikizidwa ndi timizere ta phula. Mitengo imene inkagwetsera maluwa pa yunifolomu yake anaiwotha moto kale. Nyumba yowerengeramo mabuku, mmene anaphunzira kuti dziko ndi lalikulu, tsopano inali tchalitchi cha mneneri wolonjeza anthu maviza. Mapiri okha ndiwo anali pomwepo, mwina poti wogula sanapezeke. Ndipo magalimoto oyera aja anali paliponse, akuimba mahutala, anthu atapanikizana mpaka kubuti, ofanana ngati mazira a nkhuku imodzi.

"Hii, mwana wa Mhofu!" anafuula Mai Dhliwayo, akutchula dzina la mtundu limene aliyense ankawaitanira bambo ake. "Dzulo ndinakuona patali. Wakalambatu iwe. Kuzizira kuja kumakalambitsa eti?"

"Kumakalambitsa, Mai. Ndionetseni bokosi la kamera."

Linali pansi pa kauntala, pakati pa matumba a shuga, litakutidwa ndi kansalu koluka kuti lisalowe fumbi. Mai Dhliwayo anaika kamerayo chaka chimene akuba anawalowera kudzera kudenga. Sekesai anagwada n'kuyamba kubwerera m'mbuyo, tsiku ndi tsiku. Anaona ana ogula masiwiti, galu wogona pakhonde, mvula. Anabwererabe mpaka bokosilo linakana. Chakale kwambiri chimene chinatsalamo chinali cha tsiku lotsatira ngoziyo.

Bokosilo linali la mtengo wotsika. Likadzaza silidandaula, limangobwerera poyamba n'kuyamba kulemba pamwamba pa zakale. Sekesai atawerengetsera m'mutu anapeza kuti m'mawa womaliza wa bambo ake unafufutika dzulo kapena dzana. Pamene iwo ankakwirira kumanda, makinawo nawo ankakwirira.

"Apolisi sanabwere kudzatenga?"

"Anabwera kamodzi, Ziva n'kuwatumizira pafoni pomwepo. Ine ndinati nyamulani bokosi lonselo mukasunge. Ziva akuti ayi, Sisi akubwera, asadzapeze taononga." Mai Dhliwayo anamuyang'ana nkhope n'kusiya kumwetulira. "Bwanji? Sizingabwerere? Pa TV amabwezatu."

"Cholembedwa pamwamba sichibwerera, Mai."

Mai Dhliwayo anakhala pa kreti ya zakumwa. Anayang'ana kunja, pamene kamerayo inapachikidwa pansi pa malata.

"Mhofu ankaikonda kamera imeneyi," anatero. "Tsiku limene ndinaiika anabwera kudzandifunsa kuti imaona kuyambira pati mpaka pati."

Anapukuta maso ndi nsonga ya epuloni. Pomwepo panalowa munthu wofuna mchere.

Pobwerera, Sekesai anapeza Mai Tino akumudikira pageti. Mkaziyo anagwada pafumbi, mwana wa kumsana n'kupendekeka.

"Dzukani, chonde."

"Sisi, akuti makiyi a chitokosi ali ndi inu."

"Ine ndilibe makiyi. Tandiuzeni, amuna anu anali kuti m'mawa umenewo?"

"Anatuluka m'mamawa ngati masiku onse. Akuti anali njira ya ku Chikanga." Anakonza mwanayo ndi chigongono. "Ndinganene chiyani, Sisi? Ine sindinali m'galimotomo. Apolisi akuti yapindika kutsogolo. Yapindika kutsogolo, kumbuyo, m'mbali, chiigulire ili choncho. Baba anatitukwana za ndiwo, inde. Mawa lake anabweretsera Tino mapeyala."

Sekesai anamudutsa n'kulowa m'nyumba.

Masana onse anakhala patebulo la m'chipinda chodyera ndi kompyuta yake. Anagawa kanemayo m'zithunzi, chimodzichimodzi. Anachotsa kunjenjemera kwa dzanja la Zivanai. Anawongola kupendekeka kwa galasi. Anasanjikiza zithunzi zonse mmene munali galimoto kuti china chithandize chinzake, monga anachitirapo kambirimbiri pa milandu ya eni. Nambala ija inakhalabe kachigamba kotuwa, timadontho tochepa kuposa mano a m'kamwa. Pamene kamera sinaone, palibe luso limene lingaonepo. Mawu amenewa anawanenapo m'makhoti ambiri atavala suti, ndipo nthawi zonse ankamveka anzeru.

Dzuwa litapendeka anaitana Zivanai ndi Tete. Amayi anabwera okha osaitanidwa n'kukhala pakona, chipewa chili pamiyendo.

"Ndibwereke foni yako, Ziva."

Anatenga chithunzi chosayeretsa chija n'kuchipatsa pulogalamuyo. Inatulutsa nambala yowala bwino. Anachipatsanso. Inatulutsa ina. Kachitatu inatulutsa ya zilembo zimene m'dziko muno mulibe.

"Mwaona? Imeneyi siyeretsa, imapeka. Inaonetsedwa magalimoto ambirimbiri, ndiye ikapeza chifunga imajambulapo chinthu chooneka ngati nambala. Ili ngati mboni yofuna kukusangalatsa. Ukaifunsa kokwanira, ikuuza dzina limene uli nalo kale mumtima."

"Ndiye ukuti si Pardon?" anafunsa Tete.

"Sindikudziwa, Tete. Mwina ndi iye. Mwina ndi wina aliyense wa galimoto yoyera kuyambira pano mpaka ku Sakubva. Chimene ndingalumbire n'chakuti kanemayu sakusonyeza."

Tete anaomba m'manja kamodzi n'kuyang'ana kudenga.

"Maphunziro onse aja, n'kutibweretsera 'sindikudziwa'? Ameneyo ngakhale ine ndili naye, sindinamukwerere ndege. Tamvera, mwana wa mlongo wanga. Bambo ako afera pamsewu ngati galu. Munthu wophedwa sagona. Akasowa kopita ndi mkwiyo wake, abwerera pakhomo pano. Iwe ukhala utauluka. Ziva ali ndi ana."

"Mukufuna ndimupatse munthu wolakwika kuti agone?"

"Ndikufuna uchite ngati mwana wa pakhomo pano."

Zivanai anali chiimire, atatsamira khoma. Atalankhula, mawu ake anali otsika.

"Nsapato yawo ndinaitola ine m'ngalande, Sisi. Kumochale ndinkapita ine. Kuwasambitsa, ine. Inu munali kukhoti kuthandiza azungu kupeza wakuba njinga. Lero tikupempha dzina lanu lokha papepala, poti mwini dzinayo tinalephera kumupeza zaka zonsezi."

"Ndikasaina, Pardon akhala m'ndende zaka chifukwa cha nambala imene foni yako yalota."

"Mukapanda kusaina?"

"Atuluka. Ndipo sindingokhala chete, Ziva. Ndilemba kuti chithunzi chako n'chopeka. Lolemba ndikapereka ndekha."

"Nanga wopha Baba?"

Sekesai anayang'ana kachigamba kotuwa kaja pagalasi.

"Sapezeka. Anali m'bokosi lija mpaka dzana."

Zivanai anamvetsa. Kwa kanthawi Sekesai anaganiza kuti alira, ndipo anasuntha kuti amugwire dzanja. Koma iye anaseka.

"Mwamva, Tete? Chihera wabwera pandege kudzamasula wopha bambo ake."

Anatola foni yake n'kutuluka. Geti inalira. Tete anadzuka pang'onopang'ono, akugwira bondo.

"Ine ndanena," anatero, n'kupita kwa akazi anzawo kunja.

M'nyumbamo munatsala phokoso limodzi lokha, lochokera kumapeto kwa mpanda: Mai Tino akukwecha mphika ndi mchenga.

"Ndionetse," anatero amayi.

"Amai, si choti inu muone."

"Galimotoyo sindikuifuna. Ndionetse asanafike pamenepo."

Sekesai anawakokera mpando pafupi. Anayambitsa kanemayo pang'onopang'ono. Munthu wachipewa analowa chakumanzere. Anaima. Anabwerera m'mbuyo, kutsika pakhonde kulowa mumsewu.

"Imitsa."

Anaimitsa.

"Apa pandisokoneza masana onse," anatero Sekesai, ndipo anamva yekha kuti akulankhula ngati ali m'khoti. "Akubwerera chambuyo kulowa mumsewu, osayang'ana kumene kukuchokera magalimoto. Dzanja likukwera. Mwina dzuwa likuwathobwa m'maso, mwina akuitana munthu m'sitolomo. Sizikuoneka bwino."

"Akuvula chipewa," anatero amayi.

Sekesai anawayang'ana.

"Chiyambire tsiku lija unawauza pafoni za ntchito yako, palibe kamera m'tauni muno imene ankaidutsa osaivulira chipewa. Kubanki, kuchipatala, kokwerera basi. Ine mpaka ndinkachita manyazi kuyenda nawo. Kwa Mai Dhliwayo ndiye tsiku lililonse popita kukagula buledi. Ukaima pakhonde siikuona nkhope imene ija, ndiye ankatsikira mumsewu pang'ono."

Anasisita mbali yophwanyika ya chipewacho ndi chala chachikulu, kuyesa kuiwongola. Inabwereranso mmene inalili.

"Koma Amai, makamera a kuno safika kwa ine. Sanafikepo ndi kamodzi komwe."

"Ankadziwa. Bambo ako sanali chitsiru. Ndinkawauza ine, iwo n'kumati, 'Nanga tsiku lina akadzafika, mwana aone ndadutsa ngati sindimudziwa?'"

Sekesai anabweza kanemayo pang'ono. Apa panalibe choyeretsa, panalibe chosanjikiza. Timadontho tofiirira tinapatukana ndi timadontho takuda n'kukwera m'mwamba, ndipo pansi pake panali kanthu kozungulira, kopenya kwa iye. Anaimitsa pomwepo, choyera chija chisanalowe.

"Akukupatsa moni," anatero amayi. "Suyankha?"

Sekesai anatsika pampando n'kugwada pasimenti. Anapinda zikhato n'kuomba m'manja mofatsa, monga amachitira mwana wamkazi bambo ake akafika pakhomo. Pagalasi VaGwatidzo anakhalabe chiimire pakati pa fumbi la m'mawa, chipewa chili m'mwamba.